Mphepete ya Kumanzere

"Dzanja lanu lamanzerelo likaonedwe kuchipatala, Arvel. Sabata ino, osati yamawa."

A Ozella ananena mawuwa ataima pakhomo la kanyumba kowomberamo nsalu, manja ali m'thumba la epuloni. Amuna awo sanacheuke n'komwe. Anangopitiriza kuponya kabwato kathabwa konyamula ulusi kuchoka kudzanja lamanja kupita kulamanzere, n'kugunda ndi chipeso, kubweza, n'kugundanso.

"Lalakwa chiyani dzanjali?"

"Likuchedwa."

"Likuchedwa kupita kuti? Lili ndi ulendo?"

"Sekani. Mudzamva nkhwangwa ili m'mutu."

"Iwe Zella, chaka chatha unkati ndifa ndi mphenzi chifukwa chometa ndevu pafupi ndi windo. Dzana unati mkaka ukakumana ndi nsomba m'mimba, basi maliro. Munthu atamakumvera iwe sangadzuke pabedi, ndipo bedi lomwelo ungalipezere msomali. Choka pakhomopo, ukunditchingira kuwala."

Anachokadi, koma mtima anausiya momwemo.

Zoona zake n'zakuti a Ozella Ledford ankaopa zinthu zambiri, ndipo m'chigwa chathu chonse, kumapiri a Kentucky kuno, panalibe amene sankazidziwa. Ankaopa njoka za m'tchire la mabulosi, zitsime zakale zobisika ndi masamba, nyemba za m'botolo lotupa chivindikiro, ndi mwana wogona tsitsi lili lonyowa. Zambiri mwa izi n'zoopsadi, ndipo amene amaziseka nthawi zambiri ndi amene sanaikepo munthu wawo m'manda. Koma tsoka la munthu wochenjeza tsiku ndi tsiku ndi lakuti tsiku limene wanena zenizeni, makutu a anthu amakhala atazolowera kale, ngati a munthu wokhala m'mbali mwa mtsinje amene samvanso mkokomo wa madzi.

Chikwatirane, ntchito anaigawana chonchi: a Arvel ankawomba nsalu za bafuta ndi ulusi wopyapyala wa chomera cha fulakesi, a Ozella n'kumapendera, kuchapa ndi kusita. Masana aliwonse a Arvel akapita kukadyetsa nkhuku, a Ozella ankalowa m'kanyumbamo n'kuyendetsa zala ziwiri m'mphepete mwa nsalu, mbali zonse ziwiri. Palibe amene anawatuma. Chinali chizolowezi chabe, monga mmene mayi amagwirira mphumi ya mwana wogona ngakhale sakudwala. Zaka zonsezi mphepete ya a Arvel inali yosalala ngati mlomo wa mbale ya dothi.

Ndiye chilimwe chimenechi zala zija zinakumana ndi kena kake. Kumanja kunali bwinobwino. Kumanzere, ulusi wina unkatsala osakokeka mpaka kumapeto, n'kupanga kakhwinya kochepa ngati njere ya fodya. Sikanali paliponse. Kankaoneka pa utali wa chikhatho, n'kusowa, n'kudzabweranso. Ndiye kuti panali nthawi zina pamene dzanja lamanzere linkawakha kabwato kaja mochedwa, mwini wake osadziwa.

A Ozella anali ataziona kale zimenezi. Ali mtsikana, bambo awo anayamba kugwetsa supuni pakudya, kamodzi lero, kamodzi mkuja, iwo n'kumaseka kuti supuni za masiku ano n'zoterera. Kenako anakagwa m'chigafa cha fodya m'mawa, n'kugona pamenepo mpaka dzuwa kulowa popanda wowaona. Sanayankhulenso, ndipo chimanga chisanache anali atapita. Chifukwa chake munthu asamapeputse supuni yogwa m'dzanja la wachikulire.

Nsalu imene inali pachowombera sinali yogulitsa. Kwa a Ledford, mtsikana aliyense wokwatiwa amapatsidwa nsalu ya patebulo yowombedwa pakhomo pomwepo, ndipo iyi inali ya Twila, mdzukulu wawo, amene ukwati wake unali kumapeto kwa chilimwe. A Arvel anaikamo luso lawo lonse. Anali maluwa oyera pa nsalu yoyera, oti ukayang'ana chamaso suwaona, koma dzuwa likawomba cham'mbali amatumphuka tebulo lonse.

Madzulo a tsiku lomwelo a Arvel anaitana akazi awo kuseri kwa khola. Ananyamula thumba la chakudya cha nkhuku ndi dzanja lamanzere lokha, n'kuliika paphewa.

"Waona? Dzanja lodwala limenelo?"

"Sindikunena za mphamvu ine. Mphamvu ngakhale bulu ali nazo."

"Ndiye wanditukwana kapena wandiyamikira?"

"Sankhani nokha."

Loweruka Twila anabwera pa kagalimoto kake kobiriwira. Anali mphunzitsi m'tauni, ndipo sukulu zikatsekera ankathandiza m'sitolo ina yogulitsa ntchito zamanja kwa alendo, momwenso nsalu za agogo ake zinkagulitsidwa. Makolo ake anali kutali ku Ohio, kumafakitale, moti wachibale wapafupi anali iye yekha. A Ozella anadikira amuna awo apite kudimba, n'kumukokera mtsikanayo m'kanyumba kaja.

"Gwira apa. Ayi, kumanzere kuno. Yendetsa zala pang'onopang'ono."

Twila anayendetsa zala, anawerama, anatsinzina diso limodzi.

"Mamaw, ine sindikumva kanthu," anatero Twila, poti kwathu kuno agogo aakazi timawatchula Mamaw, aamuna Papaw.

"Zala zako zaumitsidwa ndi choko. Bwereza."

Anabwereza, n'kupukusa mutu. Kenako anapendeketsa nsaluyo kuti dzuwa liwombepo, maluwa aja n'kutuluka, iye n'kumwetulira.

"Taonani kukongola kwake. Mukudziwa mmene alendo a m'mizinda amanenera akagwira nsalu za Papaw m'sitolo muja? Onse mawu ake ndi amodzi. Amati ndi ntchito ya subtle."

A Ozella anabweza dzanja ngati akhudza chitofu chamoto.

"Amatero pamaso pako, iwe n'kumangowayang'ana? Mawu amenewo ine ndimawamva kutchalitchi kokha, abusa akamanena za kuchenjera kwa njoka ija inanyenga mayi wathu woyamba. Nsalu ya agogo ako yanyenga ndani?"

Twila anaseka mpaka kukhala pansi pa benchi.

"Ayi, Mamaw, amakhala akuyamikira. Mawuwo ndi anu omwe, a owomba nsalu. Anachokera ku chiyankhulo cha Aroma akale, ndipo poyamba ankanena ulusi wopyapyala kwambiri, uja umadutsa pansi pa ulusi wotambasulidwawu. Kenako anthu anayamba kutchula choncho chilichonse chopyapyala, kafungo kongomveka patali, mtundu wosiyana pang'ono ndi unzake. Kenako munthu wa maso akuthwa, wotha kusiyanitsa zinthu zofanana. Za kuchenjera kwa njokazo zinabwera pambuyo."

"Ndiye anaba mawu a anthu ogwira ntchito n'kukapatsa njoka."

"Tingotero."

A Ozella anabweza chala pa kakhwinya kaja.

"Nanga chinthu chobwera mwakachetechete, choyenda pansipansi osaoneka mpaka chitakugwira, nachonso amachitchula choncho?"

"Eya, nachonso."

"Ndiye n'chimene chili m'dzanja la agogo akowa. Bambo anga chinawatenga ndikuona."

Twila sanali mwana wamwano. Pa chakudya chamasana, a Arvel akunyenyera buledi wa chimanga mu nyemba, anayesa kuwanyengerera.

"Papaw, bwanji ndikutengeni Lolemba mukangoyezetsa magazi? Mamaw agone tulo."

"Wakupatsira matenda ake? Tamvera, mwanawe. Madokotala aja akakugwira sakusiya. Akupeza ndi ichi, akupeza ndi icho, ugone kuno tikuone. Ndiye nsalu yako awombe ndani? Pusi? Ukwati ukatha ndipita, ngakhale mundimangirire padenga la galimoto ngati mbawala."

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza. Ndipatsire anyeziyo."

Twila anayang'ana agogo ake aakazi ndi maso onena kuti nkhani yatha bwino. A Ozella sanadye. Tsoka silinunkha, komanso silidikira ukwati wa munthu.

Lolemba a Ozella anabisa kabwato ka ulusi m'chitini cha ufa, poganiza kuti ntchito ikaima mwina nkhalambayo ivomera kupita kutauni. A Arvel anangotsitsa kena pakhoma, ndipo pa chakudya anati buledi wa lero akumveka kafungo ka thabwa. Tsiku lina a Ozella anaima ndi sizasi pafupi ndi ulusi wotambasulidwa uja. Kungodula kamodzi, nsalu yonse ikanathera pomwepo, chowiringula n'kutha. Koma anali ataona amuna awo akulowetsa ulusiwo m'chipeso umodziumodzi, msana uli chowerama, mpaka maso kufiira. Anabweza sizasi m'thumba la epuloni.

Ndiye anakhala pakhonde n'kuyamba kuganiza bwinobwino. Kumukoka munthuyu kupita naye kuchipatala zinali zitakanika. Chotsala chinali chakuti tsiku limene adzagwe, asadzagone pansi ngati bambo awo. Nyumba yawo inali kumapeto kwenikweni kwa chigwa, kumene msewu umathera. Telefoni kunalibe, a Arvel ankati mawaya amabweretsa miseche. Oyandikana nawo anali kuseri kwa phiri. Lole yakale inalipo, koma a Ozella chibadwire sanagwirepo chiwongolero. Pankafunika munthu wa miyendo yolimba ndi galimoto yoyaka, ndipo azikhala pakhomopo nthawi yonse imene chowombera chikulira.

Kumuuza Twila chilungamo sikukanathandiza. Akanabwera tsiku limodzi kapena awiri mwaulemu, n'kuona agogo ake akudula nkhuni, n'kubwerera kutauni. Komanso a Arvel akanadziwa kuti akulonderedwa, akanamuthamangitsa okha.

Koma panali diresi.

Diresi laukwati la Twila ankasoka ndi a Ozella, ndipo linali litatsala pang'ono kutha. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anamuitanira pambali.

"Diresi lija silikukhala bwino. Uzibwera m'mawa uliwonse mpaka lithe."

"M'mawa uliwonse? Si mpendero wokha watsala?"

"Diresi laukwati salisoka mwini wake kulibe. Ukufuna udzalowe m'tchalitchi ukuoneka ngati thumba la mbatata?"

Twila anabwera. Tsiku loyamba lomwelo a Ozella anamubweza kuti akatembenuze galimoto.

"Iloze kumsewu. Ndipo makiyi uwasiye momwemo."

"Chifukwa?"

"Galimoto ya mkwatibwi siyang'ana nyumba ya kwawo. Zimachedwetsa ukwati."

"Chimenechi ndiye n'chatsopano, Mamaw."

"N'chakale. Iwe ndiwe watsopano."

Twila anatembenuza galimotoyo akuseka. Zikhulupiriro za agogo ake zinali zambiri moti china chowonjezera sichinamudabwitse.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse unali umodzimodzi. Twila ankakwera pampando pabalaza atavala diresi, a Ozella n'kugwada pansi mapini ali kukamwa, windo loyang'ana kukanyumba kaja lili lotsekula. Maso awo anali pa diresi, koma khutu linali pa kugunda kwa chipeso. Lero ankati mpendero wapendekera kumbuyo. Mawa ankati dzanja lamanja la diresilo lafupika. Twila akatuluka kukatunga madzi akumwa, iwo ankasosola mwachangu zimene asoka, n'kudzamuonetsa kuti taona, ulusi wa masiku ano sulimba. Chowombera chikaleka kulira masana, a Arvel n'kutuluka kukadyetsa nkhuku, ndi pomwe ankamulola mtsikanayo kupita.

Sabata yoyamba Twila anapirira. Yachiwiri anayamba kuusa moyo. Dwight, mnyamata womukwatirayo, ankamudikira kuti akaone nyumba yoti adzakhalemo, keke inali isanakambidwe, ndipo kusitolo kuja anali atayamba kufunsa ngati akadali pantchito.

"Mamaw, pomwe mukusosolapo lero ndi pomwe munasoka dzulo."

"Ndiye kuti dzulo sindinasoke bwino."

"Nanga dzana?"

"Ima mowongoka, ukupinda bondo."

Twila anayankhula ndi mawu ofewa, aja anthu amayankhulira wodwala.

"Musakhumudwe. Mwina maso ayamba kutopa. Si chamanyazi, mwasokera anthu zaka zambiri. Kutauni kuli mayi wina wa makina, atha kumaliza tsiku limodzi, inu n'kupumula."

Mawu amenewa anawalasa a Ozella. Iwo amene ankalowetsa ulusi pasingano osavala magalasi, amene anasoka madiresi a akwati a m'chigwa chonse, lero auzidwe kuti akapumule. Yankho linafika pamlomo, koma analimeza limodzi ndi malovu, mapini ali chilumire. Kuli bwino mdzukulu aziganiza kuti agogo ake akalamba kusiyana n'kuti galimoto ichoke pabwalo.

"Mwina ndi maso," anatero. "Undipirire pang'ono."

A Arvel nawo sankasowa chonena. Akalowa kudzamwa khofi ankayang'ana diresilo n'kupukusa mutu.

"Ine nsalu ya tebulo lonse ndimaliza, iwe ukadali pa mpendero umodzi. Ndiye wodwala dzanja ndani pakhomo pano?"

Koma masana a Ozella akalowa m'kanyumba muja, zala zinkawauza zina. Timakwinya tija tinali titachuluka. Tsopano sitinkadumphanso chikhatho chathunthu.

Lachinayi la sabata yachitatu Twila anafika nkhope ili yomanga.

"Mamaw, ndimakukondani, koma lero ndi lomaliza. Lithe lisathe, madzulo ndilitenga."

"Mawa lokha."

"Munatero dzulo. Lero basi."

A Ozella anagwada, n'kuyamba kubaya mapini pang'onopang'ono kuposa kale lonse, mumtima akupempha Mulungu chinthu chimene sankadziwa kuti achipemphe bwanji. Sangapemphe kuti amuna awo agwe lero. Sangapemphenso kuti adzagwe mawa, pakhomo palibe munthu. Anangoti, Ambuye, Inu mukuona.

Dzuwa linali litakwera, njuchi zikulira m'maluwa a pawindo. Chipeso chinkagunda monga mwa masiku onse. Kenako chinagunda kawiri motsatizana, chinadikira, chinagundanso mofooka. Panamveka kamtengo kakugwa pansi n'kugubuduzika pathabwa. Kenako zii.

A Ozella analavula mapini pansi.

"Tsika. Thamanga kwa agogo ako."

"Mwina angodula ulusi, Mamaw."

"Ulusi ukaduka amatukwana. Wamva akutukwana?"

Twila anadumpha pampando, anakwinya diresi m'manja, n'kuthamanga wopanda nsapato. Anawapeza a Arvel atatsetsereka pabenchi, phewa litatsamira mwendo wa chowombera. Mbali imodzi ya nkhope inali itagwa ngati kandulo yosungunuka. Ankayang'ana kabwato kaja pansi, akuyesa kukatola ndi dzanja lamanzere, koma dzanjalo linali lendee, osawamvera. Anayesa kuyankhula, pakamwa panangotuluka malovu ndi mawu osamveka.

"Papaw, ndi ine Twila. Mukundimva?"

"Usamufunse mafunso, sitili kusukulu. Mupendeketse, angatsamwe. Gwira kumapewa."

A Ozella anakoka chofunda chochindikala chimene chinkakhala pampando wa pakona, n'kuchiyala pansi. Anawagubuduzira pamenepo, n'kuwakoka awiriwiri kudutsa pabwalo, nkhuku zikubalalika. A Arvel sanali munthu wamng'ono. Pofika pagalimoto diresi lija linali litang'ambika m'khwapa, kunsi kwake kuli zitosi ndi fumbi lofiira. Anawalowetsa kumpando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo ya akazi awo. Makiyi anali momwemo, galimoto italoza kale kumsewu. Twila anangoyatsa n'kuponda.

Njira yotuluka m'chigwa chathu ndi yokhotakhota, ya miyala, ndipo pali malo awiri owoloka mtsinje opanda mlatho. Tsiku lililonse a Ozella akakwera galimoto ankachenjeza woyendetsa pa khona iliyonse. Tsiku limeneli ananena mawu amodzi okha.

"Ponda."

"Mapini akundibaya, Mamaw."

"Akubaye. Ponda."

Ndi ngodya ya epuloni ankapukuta pakamwa pa amuna awo, n'kumawayankhula pansipansi za nyemba zofunika kuthyola ndi mpanda wofunika kukonza, kuti mzimu wawo ukhale ndi chogwira. Diso limodzi la a Arvel linali pa iwo njira yonse.

Kuchipatala anamwino anathamanga ndi bedi la mateyala, ndipo ena anaima kukamwa yasa poona mkwatibwi wopanda nsapato, wa zitosi kumiyendo. Anthu awiriwo anakhala pabenchi ya m'khonde kudikira. Patapita nthawi dokotala anatuluka n'kunena kuti ndi sitiroko, mtsempha wa m'mutu. Anati moyo ulipo ndipo akuyembekeza kuti ukhalapo, koma za dzanja sangalonjeze. Anatinso achita bwino kufika nawo msanga, chifukwa munthu wotere akagona pansi yekha nthawi yaitali, nthawi zambiri amatsamwa kapena mtima umatopa.

Dokotala atachoka, a Ozella anayamba kuzula mapini pa diresi la mdzukulu wawo mmodzimmodzi, n'kumawabaya pa epuloni. Twila anatenga kunsi kwa diresilo n'kuyang'anitsitsa mzere wa timabowo ta singano, tosokedwa n'kusosoledwa kambirimbiri, tonse tili mowongoka ngati tajambulidwa ndi rula.

"Mamaw, mpendero uwu unalibe vuto, eti?"

"Unali nalo."

"Lotani?"

"Unkafuna kutha msanga."

Twila anabisa nkhope m'khosi mwa agogo akewo n'kulira, iwo akumusisita kumsana n'kumuuza kuti asalirire pa diresi, misozi imasiya mawanga pa nsalu yoyera.

A Arvel anabwerera kunyumba masamba a mitengo atayamba kufiira. Ukwati anausuntha kuwadikira. Analowa m'tchalitchi ndi ndodo, mwendo wamanzere ukukhwekhwereza, Twila atawagwira mkono m'malo moti iwo amugwire. Diresi linali lomwelo, lochapidwa ndi kusokedwanso, ndipo nthawi imeneyi linatha tsiku limodzi. Nsalu ya patebulo anaidula pachowombera pomwe inalekezera. Inangokwana theka la tebulo, kwinako anayalako ina yogula.

Bafuta sanawombenso. Dzanja lija linabwerera pang'ono, lotha kupanikiza mbale kuti isathawe, koma zala zinapindika n'kukhala pamwendo ngati mwanapiye wogona. Mawu anabwerera, olemera, otuluka mbali imodzi ya kamwa. Nyama ya nkhumba yamchere anawaletsa, fodya anawaletsa, lole anagulitsa. Munthu amene ankawomba maluwa osaoneka ndi maso tsopano ankakhala pakhonde kung'amba malaya akale ndi dzanja limodzi ndi mano, kukonzera anthu ena nsanza zoti awombere timphasa topondera pakhomo. Ndi zimene zinawagwera a Arvel Ledford, ndipo akanapita sabata ija anauzidwa, mwina bwenzi zala zili zawo mpaka lero. Izo adziwa ndi Mulungu.

M'mawa wina kukuzizira, a Ozella akuwaveka malaya pafupi ndi chitofu, a Arvel anawayang'ana ndi diso lawo lakuthwa lija.

"Nena, Zella."

"Ndinene chiyani?"

"Zija umafuna kunena. Kuti unandiuza. Ndakhala ndikudikira chichokere kuchipatala."

"Kwezani chibwano."

"Nena, zikuchoke pamtima."

"Pamtima panga palibe zimenezo. Bambo anga sindinawavekepo malaya. Inu ndikukuvekani."

A Ozella anamanga mabatani kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo atafika pa lomaliza, dzanja lamanja la amuna awo linawagwira.

"Ilo lisiye. Ndiyese ndekha."

Anawasiya. A Arvel analimbana nalo batanilo, likuthawa, iwo akulitukwana ndi mawu awo olemerawo, chala chopindika chija chikuyesa kugwira kolala. Khofi anali kale patebulo. A Ozella anakhala pampando moyang'anana nawo, manja ali pamiyendo, n'kumusiya khofiyo azizire, akumvetsera kutukwanako ndi kuthokoza Mulungu chamumtima.